Lero Musayanike Mabatire

— Halo?

— Halo, Bambo! Ndine. Mukundimva?

— Ndikukumva ngati ukuyankhulira m'ndowa. Dikira ndiime pawindo... Eya. A Mtolankhani athu! Mwaswera bwanji kuwayilesiko?

— Taswera bwino, kaya inu? Bondo lija?

— Bondo lilipo, silinapite kulikonse. Mkamwini wanga ali bwanji? Adzukulu?

— Onse ali bwino. Wamng'ono uja wamera dzino.

— Ayambe kuluma bambo ake, ine ndidzabwera atazolowera.

— Azakhali akumabwerabe kudzakuonani?

— Anabwera dzulo, nkhani za masana zili mkati. Ndinawalozera mpando, moni tinapatsana nkhani zitatha.

— Bambo inu!

— Nanga? Mlendo amadikira, nkhani sizidikira. Ndipo wachita bwino kuyimba, ndili ndi madandaulo.

— Mayunitsi anga ndi ochepatu, ndimafuna ndikuuzeni...

— Uja wowerenga nkhani za sikisi koloko akumathamangira kuti? Ngati wasiya mkaka pamoto. Umuuze azipuma.

— Ndimuuza. Koma Bambo...

— Wazanyengo naye anati kugwa mvula. Ine kuanula zovala zisanaume. Mpaka pano dzuwa lili phwee!

— Amangowerenga zimene apatsidwa.

— Pulogalamu ya adokotala yokha ndiye inali bwino. Matenda onse amene anatchula aja, ine ndili nawo.

— Mulibe! Sabata yathanso munatero, tsiku limene ankakamba za amayi oyembekezera.

— Zizindikiro zinkafanana.

— Bambo, tamverani kaye. Mabatire a wayilesi ali bwanji?

— Ali wefuwefu. Folo koloko ikakwana ndiwachotsa, ndiwayanike pawindo monga mwa masiku onse, kuti pofika hafu faifi akhale ndi kamphamvu ka sewero. Lerotu ndi lero, namwino uja amuyankha dalaivala ngati akumulola kapena ayi.

— Lero musawayanike.

— Wati chiyani?

— Musawachotse. Mumvere pulogalamu ya folo koloko.

— Ija ya ntchito zamanja? Ya anthu okhoma zidebe ija? Imandigonetsa tulo imene ija.

— Ya lero ndakonza ndine.

— Ngakhale utakonza iwe, mwanangu, mabatire sadziwa chibale. Akagwira ntchito folo koloko, sewero ndiye sindilimva.

— Gulani ena pagolosale.

— Patsekedwa, mwiniwake wapita kokaoda katundu. Miyezi itatu ndakhala ndikumuperekeza dalaivala ameneyu, ndimusiye pakhomo lero?

— Chabwino, ndingokuuzani. Ndimafuna mudzidzimuke nokha, koma ndaona kuti muphonya. Mwezi watha abwana anandituma kuchipinda chosungira matepi akale. Ndinapeza ina yolembedwa kuti "matelala a pakhonde." Ya zaka khumi ndi zisanu zapitazo, ndipo sinaulutsidwepo.

— Eya?

— Muli Amayi.

— ...

— Halo? Bambo? Netiweki yathawanso?

— Netiweki ili bwino. Ndine ndakhala pansi.

— Pepani, ndikanayamba mwapang'onopang'ono.

— Amayi ako enieni? Akuyankhula?

— Mphindi zisanu ndi ziwiri zathunthu. Makina awo aja akumveka, aja ankalira ngati akutsokomola.

— Sanandiuzepo zoti anabwera a wayilesi.

— Mwina anaona kuti sizinatuluke, n'kungozisiya.

— Zaka zinayi chitisiyireni, mwanangu. Nkhope ndili nayo pakhomapa, ndimaipukuta fumbi. Koma mawu anali atayamba kundithawa. Ndimati ndikayesa kuwakumbukira, ndimangomva mawu a azakhali ako.

— Inenso. Nditaimva koyamba ndinalira mu situdiyo mpaka wa makina anazimitsa maikolofoni n'kutuluka.

— Akuti chiyani?

— Mumva nokha.

— Ndilawitseko pang'ono, iwe.

— Mtolankhani akuwafunsa kuti kasitomala wovuta kwambiri ndi wotani. Iwo akuti, "Amuna anga. Amabweretsa thalauza limodzimodzi lomwelo, kenako amaima kumbuyo kwanga n'kumandiphunzitsa kusoka."

— Bodza! Linali tsiku limodzi lokha!

— Akuti sabata iliyonse.

— Ndiye zimenezo zimveka dziko lonse?

— Dziko lonse. Sindinadulepo.

— Mwana wopanda chisoni iwe. Watengera iwo omwewo. Nanga... akuseka?

— Kawiri. Kachiwiriko mpaka makina anaima.

— Kuseka kuja kwa mutu chagada?

— Komweko.

— Nthawi ili bwanji kumeneko? Wotchi yangayi imatsalira.

— Kwatsala mphindi khumi ndi ziwiri. Iwo akubwera cha pakati, akatha wokhoma zidebe ndi wosoka nsapato. Musakweze kwambiri, mabatire angathe asanafike.

— Ukuphunzitsa ine kusamala mabatire? Ndiitsegula motsitsa, khutu pa sipika, akangoti ayambe ndikweza mpaka aneba adziwe.

— Nanga dalaivala wanu uja?

— Amulole, asamulole, ndi zake zimenezo. Wanga anandilola kalekale.

— Mawa ndikuuzani mmene zathera.

— Usandiuze, ndikafunsa azakhali ako, apezeko poyambira nkhani. Tsopano dula foni, ndikavale shati ija ya mizeremizere anandisokera.

— Shati? Pa wayilesitu sakuonani, Bambo.

— Iwe amayi ako sukuwadziwa. Andipeze ndili ndi vesiti yobookayi?

— Hahaha! Chabwino, thamangani, koma bondolo mulisamale. Ndiyimbanso ikatha, mayunitsi akuth...

— Halo? A Mtolankhani? Wapita. Eya, tiyeni amayi, ndikubwera. Mundidikire kumakinako.