Kaulusi ka Bambo Bandara

Zaka zimenezo, mawondowa asanayambe kundivuta, ndinkagwira ntchito ku keya homu ina, nyumba yosamaliramo okalamba, ku Highfields, ndipo kunali kukwera mabasi awiri kuchokera kuno ku Braunstone, osati inu a lero amene mumangodina foni galimoto n'kukupezani pakhomo. Iwe Chisomo, ika foniyo pansi, nkhaniyi ndi yako poti ukupita ku yunivesite.

Mwa okalamba amene ndinkawasamalira munali Bambo Bandara, a ku Sri Lanka, a chipembedzo cha Chibuda. Pamkono pawo panali kaulusi koyera kamene ansembe awo, aja ovala nsalu zachikasu, anawamanga atawapempherera. Ndikamawasambitsa ankakaphimba ndi dzanja linalo kuti kasanyowe, ndipo ine Mkhristu sindinaonepo vuto, chifukwa aliyense ali ndi pogwira pake mantha akamufika.

Matenda atakula anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Sisita, mumuuze mwana wanga aitane ansembe, adzandiimbire mapemphero ndikadali kumva." Zimene ankafuna n'zomwezo basi.

Koma mwanayo, dzina lake Nimal, ndiye ankasayinira zonse za bambo ake, ndipo anali mphunzitsi wa za Chibuda ku yunivesite, munthu woti mabuku akale a chipembedzocho ankawawerenga m'chilankhulo chimene ngakhale bambo akewo sankachimva. Ndinamuuza bwinobwino, mwaulemu. Iye anangoseka, amvekere, "Mayi, Buda sanaphunzitse za maulusi, zimenezo anangowonjezera anthu a kumudzi. Bambo akufunika bata, aziika maganizo pa kupuma kwawo." Anabweretsa kaseti ya mzungu wina wolankhula mofatsa, n'kuuza manijala kuti alendo asamalowe, ndipo kaulusi kaja anakadula yekha ndi sizasi, ati kada.

Mtima wanga umawira mpaka lero. Kaya zimene ankanenazo n'zoona ine sindidziwa, mabukuwo sindinawerenge, mwina n'zoona ndithu. Koma nanga amene ankafa anali ndani, bukulo kapena bambo ake? Ndinapita kwa manijala, ndinalalata mpaka anandiopseza kuti andichepetsera mashifiti, ati za pabanja la eni si zanga. Kwathu kale mkulu akaitanitsa chinthu ali pamphasa anthu ankathamanga ngakhale kuli mvula, koma kuno pepala likangosayinidwa nkhalamba imasanduka mwana, mawu ake osamvekanso.

Bambo Bandara sanadandaulenso. Ankangosisita pamkono popanda kanthu paja, maso ali kuchitseko, ndipo munthu akalowa ankadzutsa mutu, kenako n'kuubwezera papilo. Anamwalira masana ena, mzungu wa m'kaseti uja akuwauzabe kuti azipuma pang'onopang'ono.

Kumaliro ndinapita. Ana inu, ansembe anadzaza kutsogolo konse. Anawaitana ndi Nimal yemweyo, poopa kuti abale ochokera ku London anganene chiyani, ndipo iye anagwada pafupi nawo, akuimba nawo mapempherowo osaphonya ngakhale liwu limodzi, poti mawu ankawadziwa kuposa onse. Madzi akatayika saoleka. Ine ndinalephera kupirira, ndinatuluka kukaima pasiteji ya basi.

Tsono iwe Chisomo, pita ukaphunzire, ukawerenge zonse, ndipo tsiku lomaliza sukulu ine ndidzavina ndi mawondo omwewa. Koma ndikadzagona pamphasa n'kupempha kanthu kooneka kopusa, usadzandiphunzitse, mwana wanga. Udzangothamanga makutu anga asanatseke.