Tiyerekeze Kuti Kulibe Mphepo

Pamzere wogulira misomali kuhadiweya, mayi wina anacheukira bambo amene anaima kumbuyo kwake atanyamula lata lopindikapindika.

"Pepanitu bambo, latalo lakumana ndi zotani?"

"Lakumana ndi sukulu, mayi. Mwana wanga akuphunzira za uinjiniya kukoleji, chaka choyamba. Atabwera kuholide ndinamuuza kuti andikhomere denga la khola la nkhuku."

"Si mwayi umenewo? Injiniya wapakhomo!"

"Mwayi wake uti? Masiku atatu hamala sanaikhudze n'komwe. Anangokhala pansi pa mtengo n'kumajambula timivi papepala, kena koloza kumwamba, kena koloza pansi. Akuti vuto umayamba walijambula kaye."

"Ndiye yankho analipeza?"

"Analipeza, mpaka kulemba mizere iwiri kunsi kwake. Akuti misomali sikisi yakwana. Ine ndinati, 'Mwanawe, nanga mphepo?' Iye amvekere, 'Adadi, m'kalasi timayamba ndi kuyerekeza kuti kulibe mphepo, apo ayi samuyo siitheka.'"

"Nanga mphepoyo anaidziwitsa zoti kulibe?"

"Anaiwala. Lachiwiri inabwera, denga lonse tinakalitola kwa aneba, litagwera pa zovala zimene anayanika."

"Kalanga ine! Mwiniwake wa samuyo akuti bwanji?"

"Akuti samu anakhoza, yalakwa ndi mphepo."

"Ndiye nkhuku zikugona kuti?"

"M'chipinda mwake."

"Nanga iyeyo?"

"Pakhonde. Dzulo amadandaula kuti kukuzizira, ine ndamuuza kuti angoyerekeza kuti kulibe mphepo."