Disiki yakufa imene inatsala pang'ono kundichotsetsa ntchito

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ndikupatsani moni nonse. Ndikufuna mumve mmene ndinatsala pang'ono kuchotsedwa ntchito pa mlandu wa kompyuta imene sindinaiononge.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndinali wotayipa pa ofesi ya bungwe lina la alimi pa boma la Lundazi. Azungu otithandiza anatipatsa kompyuta imodzi, ndipo woigwira ndinali ine ndekha. Enawo ankaiopa ngati njoka, koma pakamwa aliyense anali katswiri. Disiki ya mkati yosunga zonse itafa, kunabwera mmisiri wa ku Chipata. Anachotsa yakufayo naikamo yatsopano, makina nkuyaka bwinobwino, iye nkukwera minibasi kubwerera kwawo.

Mmawa mwake nditayatsa, pagalasi panangooneka timawu tachizungu tonena kuti makina sakupeza poyambira. Ndinazimitsa ndi kuyatsanso, koma zinali chimodzimodzi.

Apa mpamene ndinawadziwa anthu. Abwana athu a Mtonga, munthu woti ngakhale wailesi amachita kuwatsegulira akazi awo, anagamula pomwepo kuti ndaononga dala chifukwa mtima wanga uli pa makina akale otayipira. Anzanga odya nawo mtedza masana ankati ndikalowa, nkhani nkuduka. Wina anafika ponena kuti ndili ndi manja oipa, poti mwamuna wanga anamwalira. Zonyansa zokhazokha. Komiti inaitanidwa Lachisanu kuti idzandichotse, ine ndili ndi ana oyang'ana m'manja mwanga.

Ndinalira, sindinama. Pemphero langa silinali laulemu ayi. Ndinauza Mulungu kuti ngati ntchito ikutha ithe, koma ndisathamangitsidwe ndi mbuli pa bodza.

Lachisanu akomiti anafika panjinga kuchokera ku Magodi ndi kwina. Mmodzi anabwera ndi mlamu wake, mayi Chirwa, mphunzitsi wa makompyuta ku Malawi, amene anadzera maliro ndipo ankangodikira galimoto yobwerera. Atamva nkhaniyo anapempha kutsegula bokosi la makinawo. Anasuzumira nkupukusa mutu. Mkatimo munali madisiki awiri, yatsopano ndi yakufa ija, onse pa chingwe chimodzi. Anatifotokozera kuti onse awiri anatcheredwa kuti atsogolere, ndiye makina sankadziwa womvera.

"Nanga yakufayi anaibwezeramo ndani?" anafunsa mayi Chirwa.

A Mtonga anakonza pakhosi nati, "Ni katundu wa bazungu uyo. Bakabwela kupenda, nizakamba ili kuti? Bazakamba ati naba."

Kuteroko mmisiri atangochoka, mkuluyu anatsegula yekha bokosi nkubwezeramo chakufacho, poopa kutchedwa wakuba. Masiku onsewo anakhala phee, kuonerera mkazi wamasiye akudyedwa miseche. Munthu wamkulu, tayi pakhosi, koma mantha ngati mwana woba shuga. Ndinawayang'ana ndipo ulemu wanga pa iwo unathera pomwepo.

Mayi Chirwa anasolola disiki yakufayo nayatsa, makina nkuyamba ngati sipanachitike kanthu. A Mtonga sanapepese, anangoti zinthu zachizungu nzovuta. Amiseche aja nawo anatembenuka msangamsanga, ati iwo ankadziwa kale kuti ine NyaZimba sindingachite zotero.

Wapampando anasowa pogwira. Anayang'ana uku ndi uku, kenaka anati, "NyaZimba, nkalani pa makina mulembe vamene takambilana."

Choncho msonkhano umene anauitana kuti undichotse ndinautayipa ndine, ndipo mawu a abwana ndinawalemba onse osasiyako ndi limodzi lomwe.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandichotsa manyazi kudzera mwa mlendo wongodutsa. Inu amene mukunamiziridwa lero, limbani mtima ndipo musaleke kupemphera. Musathawe mlandu usanazengedwe. Ine ndikanathawa Lachinayi, bokosi lija palibe akanalitsegula, ndipo ana anga akanakula akumva kuti mayi wawo ali ndi manja oipa.