Ndinasiya Golo, Ndinanyamula Mazira

Ine ndinali munthu wa mpira. Akuluakulu muli munowa mukudziwa, pakuti ena a inu ndinakuponderani nyemba m'munda pothamangira mpira wansanza. Dzina langa ndine Bonifasiyo, koma ku Beira ankanditcha Gatu, ndiye kuti mphaka, chifukwa cha kudumpha.

Azungu a kampani ina anandiona ndikugwira pagolo ku Vila, nanditengera ku Beira. Ntchito yanga inali imodzi: kuima pakati pa mitengo iwiri kuti mpira usadutse. Ankandilipira pa zimenezo. Bambo anga anamwalira asanamvetse kuti munthu wandevu angadye bwanji ndi masewera.

Kushikola ndinathawa chaka choyamba chisanathe. Kuwerenga ndinadziphunzitsa ndekha, osati chifukwa chokonda nzeru ayi. Ndinkafuna dzina langa mu jorinale, nyuzipepala ya Lolemba. Ndinkayendetsa chala mzere ndi mzere ngati nkhuku yopalasa padzala. Ndikalipeza, ndinkapita kukamwa vinyu. Ndikapanda kulipeza, ndinkapitanso kukamwa vinyu.

Za akazi sindinena zambiri, muno muli ana. Mkazi wanga, Anangozo, anali kuno kumudzi ndi mwana wathu Felisita. Ine kumeneko ndinkakhala ngati sindinaimepo paguwa.

Mphunzitsi wathu wa mpira anali ndi lamulo: mazira atatu aawisi m'mawa uliwonse. Ankati mphamvu ya wapagolo ili m'dzira. Limeneli ndinkalisunga bwino. Malamulo khumi a Mulungu aja ndinali nditawasiya kuno.

Ndikabwera kudzapuma, Anangozo ankandisungira mazira onse a nkhuku zawo. Ndinkakhala pakhonde, nsapato zikunyezimira, n'kumaswa dzira pabondo. Felisita ankaima pafupi kundiyang'ana pakamwa. Sindinkamupatsa. Mwambo wathu mumaudziwa: mwana sadya dzira, angadzakhale wakuba, ena amati angagwe khunyu. Mwambo umenewu unkandikomera kwambiri ine.

Chaka china ndinafika mvula ili pakati, chimanga chisanache. Felisita anali atamuletsa kuyamwa chifukwa Anangozo anali oyembekezera. Ndinamupeza atatupa mapazi ndi masaya, tsitsi litafiira ngati ndevu za chimanga. Sanalire, sanaseke. Ndinadina phazi lake ndi chala, dzenje linatsala pomwepo.

Amayi anga sanazungulire. "Bonifasiyo, mwanayu wamusempha ndiwe. Wayenda ndi akazi a m'tauni, n'kudzamunyamula ndi manja otentha. Ulula."

Ndinaulula, mkazi wanga ali pomwepo, pakuti zinali zoona. Anamumwetsa mankhwala a tsempho masiku angapo. Kutupa sikunaphwe, khungu linayamba kusupuka. Mumtima mwanga munatsala mawu amodzi: ndapha mwana wanga. Ndinakakhala kukantina masiku awiri ndikumwa vinyu.

Tsiku lachitatu m'mawa Anangozo anandipeza komweko. Sanakuwe. Anandiika mwana m'manja, nati, "Abambo ake a Felisita, amati manja anuwa sagwetsa kanthu. Ine mimba yandilemera. Thamangani naye kumishoni."

Ndinathamanga. Kuchokera kwathu kufika kumishoni ya Fonte Boa pali zitunda ziwiri ndi dambo. Nsapato yonyezimira imodzi inatsala m'dambomo, mpaka lero ili momwemo. M'njira ndinapemphera, koyamba chichokereni tsiku la ukwati. Pempherolo linali lalifupi: "Ambuye, tengani ine, musiyeni uyu."

A Irima, asisitere amene ankasamalira odwala, anamulandira. Ine ndinayamba kuwakhuthulira machimo anga onse pakhomo pomwepo, dzina ndi dzina. Anandidula.

"Zimenezo mukawauze a Padiri. Mwanayu amadya chiyani?"

"Phala."

"Phala la chiyani?"

"La ufa woyera, ndi mchere."

"Nkhuku muli nazo?"

"Tili nazo."

"Mazira ake amadya ndani?"

Abale anga, ndinaimapo pamaso pa bwalo lodzaza anthu mpira utandidutsa pakati pa miyendo. Manyazi ake sanafike pamenepa.

Ndinkayesa kuti ndamupha ndi tchimo lakutali lija. Tchimo limenelo linalipo ndithu, ndipo ndinakalapa, ndinapepesanso Anangozo. Koma linalo ndinkalichita pakhonde panga, dzuwa likuswa mtengo, mwana akundiyang'ana pakamwa.

A Irima anayamba kumupatsa mkaka pang'onopang'ono, kenaka phala la dzira ndi nsinjiro. Kutupa kutaphwa anatsala mafupa okhaokha, ine n'kuchita mantha, koma a Irima anati tili m'njira yabwino. Ndinkamudyetsa ndekha. Tsiku lina Felisita anandilanda supuni, nandigogoda nayo pamphuno, n'kuseka. Ndinagwada pomwepo, phala lili m'manja, ndinalira ngati amene wamenyedwa ndi musi. Yesu anandigwira tsiku limenelo, ndipo sanandisiyenso.

Kalata ya mphunzitsi wa mpira inafika, yondiitana. Ndinaiwerenga nditakhala m'chipinda cha odwala. M'menemo munali ana ena otupa ngati wanga, ndipo nkhuku za kumishoni sizinkaikira zokwanira onsewo. Ndinayankha kalatayo. Inali yoyamba kulemba pamoyo wanga, inanditengera masiku awiri, ndipo inangonena kuti Gatu sabweranso, apeze mphaka wina.

Ndinapeza njinga yakale ndi dengu lodzaza gaga, kuti mazira asasweke m'mabampu. Ndinayamba kuyenda mudzi ndi mudzi kupempha dzira limodzi, kapena kambale ka nyemba, kapena mtedza. Anthu ankaseka. "Onani, mphaka uja wasanduka likongwe!" Dengu linkabwerera lopepuka.

Nzeru anandipatsa ndi Anangozo. "Inu kupempha simudziwa. Chimene mumadziwa n'kugwa pansi. Kagweni."

Tsopano ndikafika pamudzi ndimaimika miyala iwiri pabwalo, ine n'kuima pakati. Bambo aliyense amenye mpira kamodzi. Wolephera kundichinya apereke dzira. Wondichinya amapereka awiri mwakufuna kwake, chifukwa cha chimwemwe, ndipo amafotokoza nkhaniyo mpaka nthawi yokolola. Ndiulule pano pamaso pa Mulungu: mipira ina ndimaileka dala.

Anthu akasonkhana, ndimalankhula ndi amayi. Ndimawauza zimene ndinachita pakhonde paja. Masiku oyamba ndinkatenga Felisita panjinga kuti amuone: wadya mazira ameneyu, sanabe kanthu, sanagwe khunyu. Amayi anga omwe anakana miyezi yambiri. Lero ndiwo ali ndi nkhuku zochuluka pamudzi pathu. Amati amachitira mdzukulu wawo, osati a Irima.

M'njira asilikali amandiimitsa, n'kupisa dzanja m'gaga kufuna zimene amafunazo. Mmodzi anandizindikira. Anati anandionapo ku Beira ndikudumpha, nandifunsa chimene chinandigwetsa chonchi. Ndinamuuza kuti sindinagwe, ndanyamulidwa. Sabata yotsatira anaponya chitini cha mkaka m'dengumo.

Si onse amachira. Ena ndimawapeza mochedwa, atabisidwa m'nyumba chifukwa bambo akuopa kuulula, mayi akuopa kunenedwa. Ndaperekezapo timabokosi tating'ono, ndipo palibe mawu amene ndinawerengapo okwanira tsiku lotere. Koma ambiri abwerera kwawo akuyenda okha. Ndikadutsa pamudzi pawo amathamangira njinga akufuula, "A Mazira! A Mazira!" Dzina limeneli silinalembedwepo mu jorinale, koma limandikoma kuposa lija.

Kuwerenga sindinasiye. Chala chomwe chija chimayenda tsopano m'Mawu a Mulungu, mochedwa ngati kale. Ndimafunabe dzina langa, ndipo ndimalipeza paliponse pamene akunena za munthu wotayika amene anapezeka. Tsiku lina ndinapeza kuti Ambuye analankhulaponso za bambo, mwana ndi dzira. Ndinatseka buku, n'kucheuka kuona amene anakandinenera.

Felisita ndi uyo wakhala ndi amayi akeyo, akubisa nkhope. Chaka chino alandira Ukaristiya woyamba. Atamandike Mulungu amene sanatenge ine, sanatengenso iye, koma anatibweza tonse awiri.

Misa ikatha mupeza miyala iwiri panjapo. Abambo, vulani majekete, maondo anga akalamba, mwayi ndi wanu. Amayi, ngati kunyumba kuli mwana wotupa mapazi, musadikire kuti wina aulule kaye. Ndiuzeni lero, njinga ili pakhomo.

Ndipo iwe amene wasenza chinthu chimene ukuyesa kuti sichingakhululukidwe, bwera nacho. Anangozo ananama pang'ono tsiku lija: manja anga anagwetsapo mipira yambiri, jorinale inalemba. Manja osagwetsa ndi a Yesu. Ine ndakhalamo zaka zonsezi, ndi kulemera kwanga konseku, ndipo ndikadali momwemo.