Ndinaseka pa Maliro a Mwamuna Wanga

Abale ndi alongo, mtendere wa Ambuye ukhale nanu nonse. Ine ndine mayi a Tadala, ndachokera ku Lobi. Ena mukundidziwa kale ngakhale sitinaonanepo. Ndine mayi uja anaseka pa maliro a mwamuna wake.

Tinkakhala bwino ndi bambo a Tadala. Ndinakwatiwa kwawo, tinkalima chimanga ndi nyemba, ana ali pasukulu. Kenaka anadwala, osakhalitsa anatisiya.

Mukudziwa m'mene adzukulu, okumba manda aja, amachitira pa maliro. Mmodzi wa iwo, a Filipo, anafika pakhomo la siwa atavala chipewa cha malemu, akutsimphina ngati iwo, akukalipira nkhuku monga ankachitira. Anthu onse anaseka. Nanenso ndinaseka, misozi ili mbwee. Kamphindi chabe!

Wina anandijambula pa foni. Anaika chithunzicho pa intaneti ndi dzina lopeka, pamalo poika nkhope ya iye wolembayo pali duwa. Analemba kuti, "Wamupha yekha, onani akusekerera."

Abale anga, anthu analemba! Analemba! Mfiti. Hule. Muwotcheni. Anandiwerengera ndi Tadala, akulira, anzake atamuonetsa kusukulu. Ndinamufunsa kuti, "Akutero ndani?" Iye anati, "Amayi, mayinawa si enieni." Munthu akakutukwana pamsika wa Mayani umamugwira nsalu, mumapita kwa akuluakulu. Nanga duwa ungaligwire pati? N'chifukwa chake otukwana pa intaneti amalimba mtima. Amadziwa kuti kwawo sakamva, ndipo amene akumutukwanayo samuona akulira.

Alamu anga anakhulupirira. Anati, "Tikameta, muzipita kwanu. Ana atsala, ndi athu." Ana anga, abale! Ndinasiya kudya. Ndinasiya kupita kutchalitchi. Ndinakwiyira Mulungu, sindikubisa.

Tsiku lometa a Filipo anabwera osaitanidwa, chipewa chija chili m'manja. Anati, "Amene anaseketsa mayiwa ndine. Inu alamu awo, simunaseke? Ndinakuonani mutagwira nthiti. Ngati kuseka ndi ufiti, tisamuke tonse." Apongozi anga aakazi anadzuka n'kudzakhala pambali panga, ndipo nkhani yondithamangitsa inathera pomwepo. Ana sanandilande. Ambuye alemekezeke!

Lero ndikulima munda womwewo, ndabwerera ku kwaya, ana ndili nawo. Ndikuthokoza Mulungu amene anandikumbukira. Koma chithunzi chija chikadalipo, ndipo Tadala amayenda chozolika mpaka pano.

Ndachiyang'anitsitsa chithunzicho. Wojambulayo sanali panja. Anali m'nyumba momwemo, pamphasa pamene panakhala amayi ondigwira mapewa ndikulira. Mpaka lero sindikumudziwa.

Pa Misa tikamapatsana moni wa mtendere, ndimagwira dzanja la aliyense. Koma mundipempherere, abale ndi alongo, chifukwa dzanja lililonse ndimalifunsa chamumtima: kodi ndiwe?