Shelefu Yokana Kuyenda

Mayi Phoebe Chimphamba anali atangotha milungu itatu akuyang'anira nyumba yogona alendo aboma pa Karonga, m'chaka cha 1978, pamene uthenga unafika woti akuluakulu atatu ochokera ku Lilongwe adzadya nkhomaliro pamenepo limodzi ndi a tcheyamani a chipani, kenaka adzayendera khitchini. M'mawa wa tsikulo, atavala kale nsalu yachipani, anagwada patsogolo pa chitofu cha nkhuni n'kukoka shelefu ya waya ya mu uvuni, koma inangolira kuti kwiii n'kuima, uku Bambo Ambokile, khukhi wa panyumbapo kwa zaka khumi ndi zinayi, ali chilili manja kumbuyo.

"Bambo Ambokile, shelefu iyi sikuyenda."

"Ipite kuti, mama?"

"Ndikunena kutuluka. Sikutuluka."

"Imatuluka, mama. Mumayamba mwaikankhira m'kati, mumainyamula kumanzere, mumagunda apa ndi bondo, ndiye mumadikira."

"Kudikira chiyani?"

"Kuti ivomere."

Mayi Phoebe anaimirira n'kusasa mawondo. Kwawo kunali ku Ntcheu, ndipo za m'khitchini anaziphunzira zaka ziwiri ku Blantyre, koma panalibe tsiku limene anaphunzitsidwa kupempha chilolezo kwa chitsulo. Ankadziwanso kuti amene ankayang'anira nyumbayo iwo asanabwere anachoka chifukwa cha mzere umodzi wokha mu lipoti.

"Mverani. Alendo akabwera muno agwira chilichonse. Ndikufuna kuti munthu akaikoka ndi chala chimodzi, iziterera ngati therere. Mwamva?"

"Eena, mama."

Ameneyo anali inde wa Chinkhonde, ndipo Mayi Phoebe anamukhulupirira. Anapita kukaona ngati mabedi ayalidwa. Pobwerera anapeza shelefu yabwezeredwa mu uvuni, ikudontha zinthu zobiriwira zonanda.

"Ichi n'chiyani?"

"Therere, mama."

"Mwapaka ndiwo pa katundu wa boma?"

"Lopanda mchere, mama. Mchere umabweretsa dzimbiri."

"Ndinati ngati therere."

"Eena. Ndinayang'ana m'khitchini monse chinthu chimene chili ngati therere. Chimene chinafanana nalo kwambiri ndi therere."

Mayi Phoebe anagwira shelefu ndi manja awiri n'kukoka mwamphamvu. Shelefu inakhala pomwepo, koma manja anaterereka, ndipo mayi woyang'anira nyumba anapezeka atakhala pasimenti.

"Kuterera kwaterera," anatero Bambo Ambokile, "koma kwaterera mbali yanu."

"Tsukani zimenezi. Mukatha mupake mafuta."

"Ati, mama?"

"Alionse. Musamandifunse kanthu kalikonse ngati mwana wa sukulu."

Mayi Phoebe anatuluka kukathyola maluwa a patebulo. Dzuwa la ku Karonga linali litayamba kale kuwotcha m'khosi ngakhale naini koloko inali isanakwane. Atangoponda pakhomo la khitchini, mphuno zinawauza zonse.

"Bambo Ambokile, ndikumva mafuta a nyali."

"Ndi omwewo, mama."

"Mu uvuni?"

"Munati alionse. Awa ndi amene anali pafupi. Ena ndi anu odzola aja, koma m'chipinda mwanu sindilowa."

"Ophikira mulibe?"

"Alipo. Koma amenewo ndi ophikira. Shelefu sitikuiphika."

Mayi Phoebe anaika maluwa pansi pang'onopang'ono.

"Mukakoleza moto pamenepa, mukudziwa chimene chichitike?"

Bambo Ambokile anayang'ana chitofu, naganiza mofatsa.

"Shelefu ituluka, mama."

"Pamodzi ndi denga."

"Za denga simunanene."

"Nanga mukudziwa kumene amapita munthu amene wawotcha nyumba ya boma tsiku limene a tcheyamani akudyamo?"

Onse awiri anayang'ana kuwindo. Funso lotero masiku amenewo silinkayankhidwa.

Apa Mayi Phoebe anaona kuti ntchito ya munthu ndi manja ake. Anamanga epuloni pamwamba pa nsalu, nauza khukhi kuti agunde chitofu ndi bondo lake lija mpaka shelefu ituluke. Anaikwecha okha ndi phulusa, mchenga ndi mandimu, naitsukuluza katatu ndi madzi otentha, napukutanso m'kati mwa uvuni mpaka fungo linatha. Poitembenuza kuti iume, anaona kuti waya wina wa kumapeto ngwopindika ngati mbedza.

"Taonani. Matenda ake si awa? Ntchito ya munthu wosasamala."

"Anasamala, mama. Kupinda kumeneko kunamutengera theka la tsiku."

"Sindikufuna mbiri. Tengani hamala muwongole."

"Ndiwongole?"

"Wongolani."

"Yense?"

"Yense."

"Kuti asakole pena paliponse?"

"Bambo Ambokile, ine Chichewa ndinabadwa nacho. Ndikati wongolani, ndiye kuti wongolani."

"Eena, mama."

Bambo Ambokile anakhala pakhonde la kuseri, naika shelefu pamwala, nayamba kukhoma mosafulumira, ngati munthu amene akugwetsa nyumba yomwe anamanga yekha. Waya atawongoka, Mayi Phoebe anatenga kachidutswa ka kandulo n'kupaka m'mizere momwe shelefu imadutsa, monga anawaphunzitsira ku Blantyre. Analowetsa shelefu, naigwira ndi chala chimodzi. Inatuluka mwakachetechete. Anaibweza, naitulutsanso. Anachita zimenezi katatu, ndipo kachitatuko anayang'ana khukhi.

"Mwaona?"

"Ndaona, mama."

"Ikuyenda kapena sikuyenda?"

"Ikuyenda kwambiri."

"Zaka khumi ndi zinayi mukulimbana nayo. Ine m'mawa umodzi."

"M'mawa umodzi, mama."

Moto unakolezedwa. Mwendo wa mbuzi, wothiridwa adyo ndi tsabola, unaikidwa m'thireyi, ndipo Bambo Ambokile anaulowetsa okha n'kutseka chitseko msanga. Mpunga wa ku Wovwe unapsa, fungo lake n'kufika mpaka kumsewu. Mayi Phoebe anavula epuloni, nakonza duku, ndipo kwa nthawi yoyamba chifikireni ku Karonga anadzimva kuti ntchitoyi aitha.

Itangokwana thwelofu, galimoto inamveka ikuima kutsogolo. Mayi Phoebe anatenga chiguduli kuti atsegule uvuni. Bambo Ambokile anatenga beseni lalikulu loyera, nanjuta pansi patsogolo pa chitofu, beseni lili m'manja.

"Mukutani apo?"

"Ndikudikira nyama."

"Nyama ili mu uvuni."

"Pakali pano."

"Sunthani, mukunditsekera njira."

Anasuntha, koma pang'ono chabe, kukula kwa chikhatho. Mayi Phoebe analibe nthawi yokangana. Anaima pambali n'kutsegula chitseko.

Shelefu sinadikire chala. Inanyamuka yokha, mwaulemu, n'kuyamba kutuluka, ndipo pofika pakati inali itathamanga. Thireyi inaterereka pamwamba pake, mwendo wa mbuzi n'kudumpha, nukagwera m'beseni la Bambo Ambokile kuti phi. Shelefu ndi thireyi zinagwa pasimenti ndi phokoso lomveka ku msika. Msuzi wamafuta unamwazika, ndipo dontho lomaliza linatera pafupi ndi mpendero wa nsalu yachipani, kutsala kuchepa kwa chala.

Mayi Phoebe anayamba ayang'ana nsalu. Anaitembenuza uku ndi uku. Inali yoyera. Ndiye anapuma.

"Yatuluka yokha," anatero motsitsa mawu.

"Eena."

"Sindinaigwire."

"Simunaigwire, mama. Chitofuchi chimaweramira kutsogolo. Chaka china madzi anasefukira mpaka muno, simenti inatsika mbali iyi."

"Ndiye waya uja anapinda ndani?"

"Ine, mama. Nkhuku ziwiri zitandithawa zili zowotcha kale."

"Bwanji simunanene?"

"Imeneyo ndi mbiri, mama."

Kutsogolo kunamveka nsapato pakhonde, mipando ikukokedwa, ndi mawu aakulu a tcheyamani akufunsa ngati m'nyumbamo muli anthu. Mayi Phoebe anayang'ana nyama. Inali yonse, yofiirira bwino, yopanda ndi kamchenga komwe. Kenaka anayang'ana uvuni uli yasa, ndipo m'mutu mwawo anaona zimene zichitike ikatha nkhomaliro: alendo atalowa muno ndi mapepala awo, a tcheyamani atawerama kutsegula chitseko ndi dzanja lawo, chitsulo chotentha chikutuluka mwakachetechete kukawapeza m'misongolo.

Analanda beseni, nasamutsira nyama m'mbale yoyera, nakonza nkhope.

"Bambo Ambokile."

"Mama."

"Ine ndikukagawa chakudya. Ndiwachedwetsa ndi tiyi. Inu tengani hamala. Asanalowe muno, shelefu iyi ikhale itayambanso kukakamira."

Bambo Ambokile anatola shelefu ndi chiguduli, naitembenuza, napeza malo a waya uja. Anayeza ndi chala chachikulu monga achitira telala pansalu, nakweza hamala, kenaka naima kuti asalakwitsenso.

"Ikakamire pang'ono, mama, kapena ngati inu?"