Chitseko Chimene Chinafupika

Munthu amene amakana benchi n'kumawotcherera zitsulo pansi, chowerama, kwa zaka makumi awiri, asadzadabwe msana ukadzaiwala njira yobwerera. Mmisiri wina wa zitseko zachitsulo anapindika m'chiuno mpaka anthu anamutcha Sikweya, dzina la kachida koyezera ngodya. Iye ankayesa kuti akutamanda luso lake. Mkazi wake anali atalumbira kuti tsiku limene bamboyo adzavomere ndi pakamwa pake kuti wapindika, shedi yake yogwiriramo ntchito idzatsekedwa ndi loko ndipo mwini wake adzakokeredwa kuchipatala. Choncho m'mawa umene kasitomala anabweza chitseko ndi felemu yake, ati n'chachifupi, Sikweya anatsimikiza mtima kuti wolakwa apezeke kwina. Mboni inali mlamu wake, mlongo wa mkaziyo, munthu amene mawu amawameza ndi makoko omwe.

"Imika felemuyo," anatero Sikweya. "Chitseko ndimayeza ndi thupi langa. Ndikadutsa ine, aliyense adutsa."

Anadutsa, mphuno ikuloza pansi, osakhudza kanthu.

"Waona? Dutsa nawe."

Mlamu anadutsa. Khu!

"Mayo! Alamu, chandimenya pachifuwa."

"Wadutsa monyada. Munthu waulemu salowa m'nyumba ya eni ngati msilikali."

"Koma mwini chitseko akuti ngakhale mkazi wake, wamfupi uja, chipumi chatupa."

"Banja lonse ndi lodzikuza. Tenga tepi."

Mlamu anatambasula tepi, nawerenga milomo ikugwedera.

"Mita imodzi ndi masentimita makumi awiri."

"Bodza! Tepi imeneyo yakalamba. Iyese pa ine. Ndine munthu wa mamita awiri kuchotsako chala chimodzi, chikalata changa cha ukwati chingachitire umboni."

Mlamu anagwada, napanikiza tepi pachidendene cha Sikweya, nakwera nayo mpaka m'chiuno. Pamenepo anaima.

"Alamu, pakona pano ndikhote?"

"Kona yanji?"

"Miyendo yathera apa. Inuyo mwapitirira cha uko, kuloza kugeti."

"Pita m'mwamba, munthu iwe!"

Mlamu anakwera m'mwamba ndi tepi mpaka anaima ndi zala za kumapazi.

"Ndafika mamita awiri. Koma kunoko kulibe munthu."

"Ndiye kuti ndimafika pamenepo."

"Mumafikapo nthawi yanji? Ndidikire?"

Apa Sikweya anayesa kudzuka kuti athetse mkangano. Ululu unachoka m'chiuno, nutsika ndi mwendo wamanzere ngati waya wamoto mpaka kuchala chachikulu. Analuma mano. Anaganiza za loko, ndi za mkazi wake atamangirira kiyi pakona ya nsalu, ndipo anameza kubuula konse.

"Mwati chiyani, alamu?"

"Ndayasamula. Tamvera kuno. Muno muli chinthu chimodzi chopindika chimene chikutisokoneza. Kaya ndi felemu, kaya ndi pansi. Uchipeze, uchiwongole, kasitomala asanabwerenso."

"Chilichonse chimene ndichipeze?"

"Chilichonse! Usachimvere chisoni."

Chenjerani ndi lamulo limene mumapereka muli ndi mkwiyo, pakuti pali anthu ena amene amamvera. Mlamu anayang'ana felemu, anayang'ana pansi, anazungulira Sikweya kawiri. Kenako anakoka botolo la gasi, natenga nyundo yaikulu ija yosulira.

"Moto ndi wa chiyani?"

"Munandiphunzitsa nokha. Chokhuthala sitiwongola chozizira, chimathyoka. Timayamba tatenthetsa popindikapo mpaka pafiire."

"Eya, wayamba nzeru. Nanga bwanji waima kumbuyo kwanga?"

"Kwezani malaya."

"Asa! Ndati chitsulo!"

"Mwati chilichonse."

"Ine ndine chinthu?"

"Dzulo munauza achemwali kuti ndinu chitsulo. Ndinalipo. Ndiye ndikuti tikumangeni kaye pa vayisi yopanira zitsulo ija, mungagwedezeke."

Mlamu anayatsa machesi. Gasi anati phuu. Sikweya anafuna kuthawa, koma munthu wopindika amathawira kumene mutu waloza, ndipo mutu unali utaloza khoma. Anamva kutentha kukuyandikira lamba wa buluku. Pamenepo anayeza zinthu ziwiri mumtima mwake, loko ndi lawi, napeza kuti loko sapsereza.

"Zimitsa! Zimitsa, mlamu wanga, bambo wa ana okongola! Ndavomera!"

"Mwavomera kuti nditenthetse?"

"Ndavomera kuti ndapindika! Msana ukundipweteka chaka chachisanu tsopano. Zala zimachita dzanzi, nyundo imandipulumuka. Denga la shedi ino ndinaliona komaliza mwana wanga wachiwiri asanabadwe. Thamanga, ukauze achemwali ako abwere ndi loko wawoyo, anditengere kwa dokotala."

Mlamu anazimitsa moto, koma sanathamange. Nkhope yake inali ya munthu amene wapatsidwa udindo waukulu.

"Achemwali sakonda nkhani zopanda umboni. Paja inu mumati mmisiri sakhulupirira maso. Taimani."

"Ndaima kale!"

Mlamu anatenga levulo, kachida kaja kokhala ndi kathovu m'madzi koonera ngati chinthu chili chowongoka, nakagoneka pamsana pa Sikweya. Anatsinzina diso limodzi. Anakatembenuza, nayang'ananso.

"Iii, alamu, pepani. Ndikanakuwotchani pachabe."

"Ukuti chiyani?"

"Kathovu kali pakatikati penipeni. Ngakhale tebulo la kunyumba silifika apa."

"Ndikuti pita ukanene kuti ndapindika!"

"Ayi, bodza ine sindinena," anatero mlamu, akusanjika tepi ndi machesi pamsanapo kuti manja apume. "Ndinu wowongoka ndithu, alamu. Kungoti munawongokera cham'mbali."